Kutenga bizinesi ya mipope kwa abwana anu: zoyenera kuona musanatulutse ndalama

Mabwana ambiri a ntchito ya mipope sasiya bizinesi mwadzidzidzi. Amayamba ndi kudandaula msana ndi maondo, kenako amasiya kukwera kudenga kukaona giza n'kumangotuma inuyo, kenako nkhani zawo zonse zimakhala za nyumba yomwe akumanga kumudzi. Ndiye tsiku lina amakuitanirani pambali: "Iwe, ntchitoyi waidziwa tsopano. Bwanji ungoitenga?" Abwana anga anandiuza mawu ngati amenewa, ndipo anyamata omwe tinkaphunzira nawo ntchito akhala akundifunsa kuti nkhaniyo ndinaiyendetsa bwanji. Ine ndimagwirira ntchito mu Blantyre, choncho zitsanzo zanga ndi za kuno, koma malamulo ake ndi omwewo kaya muli ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzuzu.

Tsiku limenelo musavomere, musakanenso. Thokozani mwaulemu, munene kuti, "Bwana, mwandilemekeza kwambiri, koma mundilole ndikaganize kaye, komanso ndione nawo mabuku." Munthu woongoka sangakwiye ndi pempho limeneli. Akakwiya, mwadziwiratu kanthu kena ka m'mabukumo.

Ambirife tikamva zogula bizinesi, maso amathamangira pa zida ndi galimoto. Zida zili mbwee m'mahadiweya ku Limbe, aliyense wokhala ndi ndalama angakagule mawa lomwe. Chomwe simungachipeze m'sitolo iliyonse ndi nambala ya foni ya abwana. Nambala imeneyo inalembedwa kuseri kwa chitseko cha khitchini m'nyumba za ku Namiwawa, ku Nyambadwe, ku Chinyonga. Ili m'foni ya mlonda wa pa loji, ya mayi oyang'anira hositelo, ya landilodi yemwe amakhala ku Johannesburg koma nyumba zake za lendi zili ku Chilomoni. Paipi ikaphulika usiku munthu sakumbukira dzina la kampani, amangosaka pomwe analemba kuti "pulamba" m'foni mwake n'kuimba. Nambalayo ikapita kumudzi m'thumba la abwana, inu mwagula zitsulo zokhazokha.

Kuyambira 2018 manambala a foni amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndiye kungolandira SIM kadi pamanja sikukwanira. Ikadzatayika kapena kuwonongeka, amene angakaibwezeretse ndi mwini dzina, ndipo nthawiyo adzakhala ali kumudzi kwawo akupalira chimanga. Pitani nonse awiri ku shopu ya Airtel kapena ya TNM ndi ziphaso zanu, nambalayo ikalowe m'dzina lanu. Ndalama zomwe zili pa Airtel Money kapena pa Mpamba abwana atapiretu. Abwana anga poyamba anakana, amati achibale onse amawapeza pa nambala imeneyo, maliro akagwa kumudzi aimba pomwepo. Ndinawagulira laini yatsopano, tinakhala pansi madzulo ena n'kutumizira achibale ndi a kumpingo kwawo uthenga wa nambala yatsopanoyo. Achibale ndi anthu owerengeka, mumawauza tsiku limodzi. Makasitomala a zaka makumi awiri simungawapeze onse.

Foni ikatheka, pemphani kope la ntchito, lija la chikuto cholimba lomwe limakhala m'galimoto. Tengani zaka ziwiri zapitazi, muchonge dzina lililonse lomwe labwera kawiri kapena kupitirira. Amenewo ndiwo makasitomala. Munthu yemwe munamumangira bafa kamodzi n'kusowa ndi mbiri chabe. Mwa omwe mwachongawo, patulaninso omwe amapereka ntchito chifukwa cha chinansi: a mpingo umodzi ndi abwana, anzawo a kusukulu, alamu awo. Ena a iwo adzapita kwina abwana akangochoka, musawawerengere pa mtengo. Otsalawo muwayendere pamodzi ndi abwana, khomo ndi khomo, iwo alankhule ndi pakamwa pawo: "Uyu ndi mwana wanga pa ntchito, kuyambira mwezi wamawa muziimbira iyeyu." Kusukulu ndi kumaofesi mukumane ndi amene amasaina cheke komanso amene amaimba foni toileti ikatsekeka, chifukwa kawirikawiri ndi anthu awiri osiyana.

Tsopano zida. Sankhani Loweruka, mutulutse zonse panja, muziyale pansi. Inu mumazidziwa kuposa abwana chifukwa ndinu mumazigwira, komabe yesani chilichonse pamaso pawo. Mangani kachidutswa ka paipi yachitsulo ya GI ya hafu inchi pa vaisi, mudule mazinga ndi dayisi. Dayisi yabwino imatulutsa timatsulo topotana, mazinga ake n'kutuluka akuthwa, soketi n'kulowa ndi dzanja maulendo angapo isanayambe kulimba. Yotha mano imang'amba chitsulo, mazinga amaoneka ngati otafunidwa, ndipo ngakhale mukulunge thread tape wochuluka bwanji, joini yake imachuchabe. Paipi renchi yang'anani mano ake, yosalala imatsetsereka n'kukuphwanyani zala. Makina owotchera mapaipi a pulasitiki a PPR alumikizeni kumagetsi mudikire: ayenera kufika pa madigiri 260 n'kukhazikika pomwepo. Akamapitirira, paipi imasungunuka kwambiri n'kutseka njira ya madzi mkati mwa joini, kunja kukuoneka bwinobwino, kasitomala n'kudzadandaula kuti shawa ikungodontha. Ndodo zotsegulira madireni ziwerengeni, zimasowa imodziimodzi. Chida chilichonse chilembedwe pamzere wakewake ndi mtengo wa chinthu chogwiritsidwa kale ntchito, osati wa m'sitolo lero.

Za katundu wa m'stoo ndinene mwachidule: mabwana akale amasunga zidebe zodzaza tolumikizira mapaipi monga maelibo, matii ndi manipo a GI ochita dzimbiri, ndipo amazikonda ngati ana awo. Nyumba zatsopano zambiri tikuika mapaipi a pulasitiki: PPR mkati, PVC ku madireni, HDPE panja. Za GI zimafunikabe pokonza nyumba zakale, koma zimatuluka pang'onopang'ono. Lipirani zomwe mukudziwa kuti muzigwiritsa ntchito chaka chino, zinazo akupatseni ngati basera. Galimoto ngati ilipo, onani dzina la mu bulu buku, COF ndi inshuwalansi, mufunsenso ngati sinaikidwe chikole pa ngongole ina. Kusintha umwini ku Road Traffic kuchitike abwana akadali m'tauni.

Pomwe pamagwera anthu ambiri ndi pa ngongole, ndipo pano ndichedwapo. Bizinesi yaing'ono ya mipope imakhala ndi ngongole za mitundu ingapo, zina sizilembedwa n'komwe. Pali ya kuhadiweya komwe abwana amatenga katundu n'kulipira kumapeto kwa mwezi. Pitani nawo, mwini sitolo atulutse buku lake, mugwirizane kuti ya kale ndi ya abwana ndipo inu mukutsegula tsamba latsopano. Pali lendi ya kashopu ndi bilu ya magetsi. Pali madipoziti: kasitomala anapereka ndalama ya thanki ndi pampu miyezi itatu yapitayo, ndalamayo inapita ku malata a nyumba ya kumudzi ija, thankiyo sinagulidwe. Munthu ameneyo adzaimba nambala yomwe tsopano ili m'thumba mwanu, ndipo sadzafuna kumva zoti bizinesi inasintha manja. Ntchito iliyonse yosamaliza ilembedwe: analipira zingati, chagulidwa n'chiyani, chatsala n'chiyani. Zomwe zaperewerazo zichotsedwe pa mtengo wogulira.

Palinso ngongole zomwe anthu ali nazo kwa abwana. Iwo adzafuna kuziika pa mtengo: "Sukulu yakuti ili ndi ndalama zanga zambiri, ukangotolera ndi zako." Kanani mwaulemu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ngati mwini wake, ndi imvi zake, walephera kutolera kwa chaka chathunthu, inu mnyamata wadzulo mukatolera bwanji? Komanso simukufuna kuti ulendo wanu woyamba kwa kasitomala ukhale wokalonjerera ngongole. Njira yabwino ndi yakuti ngongolezo zikhalebe zawo, ndipo ikalowa ndalama kudzera kwa inu muziwapatsira. Chimodzimodzi ndalama ija makontirakitala amasunga mpaka miyezi yoyesera nyumba itatha. Koma mugwirizanenso za ntchito zakale zikadzayamba kudontha: adzakonza ndani, ndi ndalama ya ndani? Ife tinagwirizana kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ine ndizipereka manja, iwo azilipira katundu.

Funsani bwino kuti bizinesiyo inalembetsedwa motani. Zambiri za mtundu wathu ndi dzina la bizinesi chabe la munthu mmodzi, lolembetsedwa kwa Registrar General. Pamenepo bizinesi ndi mwini wake ndi chinthu chimodzi, ngongole zake ndi za iye mwini. Koma ngati dzinalo likuthera ndi Limited, kampaniyo ndi munthu payokha pamaso pa lamulo, ndipo mukagula masheya ake mwagula ndi zonse zomwe inasiya m'mbuyo, kuphatikizapo misonkho yomwe sinaperekedwe. Ine malangizo anga ndi akuti mugule zida, katundu, nambala ndi makasitomala, koma mulembetse bizinesi yanuyanu. Dzina mukhoza kusankha loyandikira lakale kuti anthu asasokonezeke, abwana atavomereza polemba. Mukatenga satifiketi, pitani ku MRA mukatenge TPIN yanu, nambala yolipirira msonkho, kuno ku Blantyre likulu lawo ndi Msonkho House. Kenako laisensi ya ku khonsolo ya mzinda, ndi akaunti ya kubanki ya dzina la bizinesi. Musagwire ntchito ndi TPIN ya abwana ngakhale mwezi umodzi, ngakhale iwo atakuuzani kuti palibe vuto.

Masukulu, mabungwe ndi makampani akamakulipirani amadula msonkho wa withholding asanakupatseni ndalama. Musakwiye nawo, ndi lamulo, koma muziitanitsa satifiketi yake nthawi zonse n'kuisunga mufayilo, chifukwa ndi umboni woti gawo la msonkho wanu linaperekedwa kale. Ngati mukulakalaka ntchito za boma, mudzafunika kulembetsa ku PPDA (bungwe loyang'anira zogulagula za boma), kukhala ndi tax clearance ya ku MRA, komanso kulembetsa ku bungwe loyang'anira za zomangamanga lomwe tonse tinalizolowera kuti NCIC. Mapepala a abwana a kumeneko sasamukira kwa inu okha. Ndipo ngati ntchito munangoiphunzirira pamanja, ino ndi nthawi yokalemba trade test kapena kukafunsa ku TEVETA za satifiketi. Kale ankayang'ana pepala la abwana, tsopano aziyang'ana lanu. Chaka choyamba, kunena zoona, ine sindingakulimbikitseni kuthamangira ma tender a boma. Amafuna munthu wotha kugula katundu ndi ndalama zake n'kudikira malipiro, ndipo inu mudzakhala mukubwezabe ngongole ya abwana.

Nkhani ya antchito ndi yomwe ambiri sitiidziwa. Lamulo la za ntchito la 2000, mu gawo 32, limati bizinesi ikagulitsidwa, mapangano a antchito omwe alipo amasamukira kwa wogula, ndi maufulu awo onse, ndipo zaka zomwe agwira sizifafanizika. Ndiye kuti mnyamata yemwe wakumba ngalande kwa abwana zaka zisanu ndi zitatu akubwera kwa inu ndi zaka zakezo. Musanasaine kalikonse, tengani mayina, malipiro ndi chaka chomwe aliyense anayamba, mupite ndi abwana ku ofesi ya leba akakuwerengereni: malipiro otsalira, masiku a tchuthi omwe sanapume, ndi za penshoni, yomwe lamulo limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Za m'mbuyo abwana alipire okha, kapena zichotsedwe pa mtengo. Musaiwale kuti pa mndandanda umenewo palinso dzina lanu. Inunso munali wantchito, ndipo ngati pali zanu zomwe sizinaperekedwe, ndi ndalama yoyamba yolipirira bizinesiyo. Kuzitchula kumachititsa manyazi, koma ndi thukuta lanu.

Anzanu omwe dzulo mumadyera nawo chipisi pa chiwaya, lero mukuwalipira. Ena zimawavuta. Akhazikeni pansi mmodzimmodzi, muwauze malipiro, tsiku lolandira, ndi lamulo limodzi losasintha: ganyu wa kumbali kwa kasitomala wa bizinesi, ndi zida za bizinesi, ayi. Mukudziwa m'mene zimachitikira chifukwa munali nawo limodzi.

Mtengo wonse muupeze chonchi. Pa zomwe zinalowa m'zaka ziwiri zija chotsani katundu, malipiro a anyamata, mafuta, lendi ndi misonkho. Zotsalazo ndi zomwe abwana amadya. Koma gawo lina la ndalama imeneyo ndi malipiro a manja awo, omwe tsopano akhala manja anu, ndiye simungagule thukuta lanu lomwe. Kwa ine, mtengo wabwino ndi womwe bizinesiyo ingathe kudzibwezera yokha pasanathe zaka ziwiri, inu mukudya ndi kulipira lendi kunyumba. Ukapitirira pamenepo, kuli bwino kugula zida zanu n'kuyamba panokha. Perekani gawo loyamba, zotsalazo mwezi ndi mwezi. Kulipira pang'onopang'ono kuli ndi ubwino wina: abwana amakhala ndi chifukwa chofunira kuti zinthu zikuyendereni, kasitomala akawapeza amamukankhira kwa inu. Katapila musamuyandikire. Banki m'khonde kapena SACCO ingakuthandizeni pa gawo loyamba, koma siyani ndalama ina pambali yogulira katundu ndi kulipira anyamata miyezi iwiri yoyamba.

Zonsezi zilembedwe. Ndikudziwa, munthu anakutolani muli mwana, anakuphunzitsani kugwira hakisoo, kumuuza za loya kumaoneka ngati mwano. Auzeni chonchi: "Bwana, pepalali si la inu ndi ine, ndi la ana anu ndi ana anga." Adzamva. Imfa siuza munthu, ndipo atamwalira inu musanamalize kulipira, kudzabwera achibale omwe simunawaonepo kudzanyamula vaisi ndi makiyi a galimoto, akuti katundu wa malemu. M'pepalamo mukhale mndandanda wa zida, nambala ya foni, mtengo mu makwacha ndi mawu oti sudzasintha, masiku olipira, amene adzalandire ndalama iwo atachoka, ndi lonjezo loti sadzagwiranso ntchito za mipope m'dera lanu kwa nthawi yomwe mwagwirizana. Mayi a kunyumba kwawo ndi mwana wawo wamkulu asaine ngati mboni, inunso mubwere ndi wanu. Lidindidwe kwa loya kapena kwa Commissioner for Oaths. Za mtengo wosasinthazo musazione mopepuka: kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo pangano la pakamwa pa nthawi ngati imeneyo aliyense amalikumbukira mosiyana.

Kugwa kwa kwacha komweko kukuphunzitseni kalembedwe ka kotesheni. Katundu wathu wambiri amachokera kunja, mitengo yake sikhalitsa. Lembani katundu payekha, manja paokha, thiransipoti payokha, ndipo pansi pake muike kuti mtengowu ugwira ntchito masiku asanu ndi awiri. Ndalama ya katundu ilowe yonse musanayambe, mugule tsiku lomwelo, malisiti mum'patse mwini wake. Kasitomala akafuna kukagula yekha, mulembereni mtundu weniweni ndi saizi, mumuuze poyera kuti akabweretsa bolovavu (chotsekera madzi) yotchipa ya pamsika, ikafa si mlandu wanu. Pa manja, kumbukirani kuti simulinso wolandira kumapeto kwa mwezi. Mu mtengo umenewo muli ulendo wokaona ntchito, nthawi yoima pamzere kuhadiweya, dayisi yomwe ikutha mano, ndi masiku omwe foni sidzalira. Dziikireni malipiro a pamwezi ngati wantchito aliyense, zotsalazo zikhale kubanki. Achibale akamva kuti mwatenga kampani adzayamba kuimba ngati mwatola chikwama, muziwathandiza kuchokera pa malipiro anuwo.

Ntchito imayenda ndi nyengo. M'dzinja zomanga zimachepa koma masokawe (maenje omwera madzi oipa) amadzaza, madireni amatseka. June ndi July ndi wa magiza. Kuyambira September mpaka mvula itagwa anthu amafuna mathanki ndi mapampu, makamaka kuno komwe madzi ambiri amachita kupopedwa kuchokera mu Shire, ku Walker's Ferry, kukwera mtunda wonsewo kudzera ku Chileka, moti magetsi akavuta mipope ya kumtunda imauma. Masukulu amakonzetsa mahositelo ana ali pa holide. Mwezi wa fizi makasitomala amachedwa kulipira, koma abwana kumudzi akudikirabe gawo lawo, choncho mwezi wa ntchito zambiri muzipatula magawo awiri.

Zinthu ziwiri zisunge dzina lomwe mwagulalo. Choyamba, malire a ntchito yanu ndi mita. Kuchokera pa mita kulowa m'nyumba ndi kwanu, mita yeniyeniyo ndi paipi yochokera kumsewu ndi za a Water Board. Adzakupezani anthu, ena olemekezeka ndithu, okunong'onezani kuti muwalambalalitsire mita. Ndi mlandu, ndipo akagwidwa dzina loyamba kutchulidwa ndi la pulamba. Chachiwiri, musakwirire paipi kapena kulola omanga kupaka pulasitala musanayese. Tsekani mipope yonse, muyang'ane mita: ikamayendabe, pena pake pakudontha. Ndipo musiye madzi m'mapaipimo usiku wonse, chifukwa mphamvu ya madzi imakwera anthu akagona, joini yomwe inapirira masana imaonekera m'mamawa. Kale ikadontha ankati mnyamata wa abwana walakwitsa, iwo n'kukapepesa. Tsopano wokagumula matailosi ndi ndalama zake ndinu.

Gawo lililonse lomwe mwalipira kwa abwana lidutse kubanki kapena pa foni kuti pakhale umboni, ndipo muzilemba kuseri kwa pangano lija, tsiku ndi ndalama yake. Mukapereka lomaliza, kwerani basi mupite komweko, alembe kalata yoti ngongole yatha ndipo alibenso gawo m'bizinesiyo, mboni zomwe zija zisainenso. Kalatayo muijambulitse, ina ikhale kunyumba, ina kwa mboni yanu.